Tilembe maina a amene adatikokera kwa Yesu akadali moyo

Akonzi,

Tipatseniko mpata m'nyuzipepala yanu tilankhule ndi alembi, akulu a mpingo, abusa ndi ansembe a mipingo yonse pa nkhani imene tailekerera nthawi yaitali. Tikunena za Akhristu wamba amene amakoka anzawo mpaka atatembenuka mtima, koma maina awo salembedwa paliponse.

Tsegulani kaundula wa ubatizo pa tchalitchi chilichonse. Mupezamo danga la dzina la wobatizidwa, la makolo ake, la mudzi, la tsiku lobadwa ndi la tsiku la ubatizo, kenaka siginecha ya abusa kapena bambo mfumu. Danga la munthu amene ankagogoda pakhomo Lamulungu lililonse m'mamawa, kunena kuti "tiyeni, belu loyamba lalira," mulibemo. Mayi uja amene adabwereketsa Baibulo lake lothothoka chikuto, amene ankafunsa mnzake mafunso a katekisima uku akutonola chimanga pakhonde, amene ankabereka khanda la mnzakeyo kuti iye alowe m'kalasi, pa tsiku la ubatizo amakhala kumbuyo kwenikweni, atayala chitenje pansi, fumbi lili mbuu kumapazi. Amaimba nawo, nabwerera kwawo. Sabata yotsatira kukakhala pepa Sande, maina a amene apereka matumba a simenti amawerengedwa pa chimkuzamawu, nthungululu zili pakamwa. Sitikutsutsa kuthokoza wopereka simenti, tchalitchi chimafunika kumangidwa. Koma amene amadzaza tchalitchicho ndi anthu ngoyenera kumukumbukira koposa.

Chikhristu cha dziko lino chidayenda ndi mapazi a anthu otere kuyambira pachiyambi. Ku Blantyre aliyense amaidziwa sukulu ya HHI, imene idatenga dzina la Henry Henderson. Koma mu 1876, pamene Henderson ankafunafuna malo a mishoni, amene ankayenda naye ndi kumutanthauzira adali Tom Bokwito, munthu amene adawomboledwa mu ukapolo ali mnyamata. Chaka chomwecho m'dziko muno mudafika William Koyi, Mxhosa wochokera ku Lovedale ku South Africa. Poti chiyankhulo chake chinkamvana ndi Chingoni, ndiye adatsegula njira kwa Inkosi M'mbelwa, nakhala ku Njuyu, m'boma la Mzimba, m'zaka zimene Angoni sankalola ngakhale sukulu. Adamwalira mu 1886. Angoni oyamba kubatizidwa kumeneko, Mawelera Tembo ndi Makara Tembo, adabatizidwa mu 1890, Koyi atagona kale m'manda. Mfundo imeneyi muisunge, tibwererakonso. David Kaunda, bambo a Kenneth Kaunda, adachoka ku Livingstonia kukayamba ntchito ku Chinsali m'dziko la Zambia, ndipo adakhala mphunzitsi ndi mlaliki zaka zoposa 20 asanadzozedwe ubusa mu 1930. Ku Zimbabwe nako, anthu a kuno amene adapita kukagwira ntchito m'migodi ndi m'mafamu ankasonkhana okha kupemphera m'makomboni, mpaka mbusa T.C.B. Vlok adapita ku Salisbury (Harare ya lero) mu 1912 kukawatumikira. Sinodi ya Harare ya CCAP idamera pamenepo.

Maina a Bokwito, Koyi ndi Kaunda tikuwadziwa chifukwa adalowa m'makalata a amishoni. Nanga aphunzitsi a sukulu za m'midzi aja, amene m'mawa ankaphunzitsa a, e, i, o, u, madzulo n'kuphunzitsa kalasi? Nanga akazi awo, amene ankalangiza atsikana ndi kuyendera odwala? Ambiri mwa iwo adapita ndi maina awo. Ife a lero tili ndi makope, zolembera ndi mafoni m'matumba, ndiye tikataya maina a m'badwo uno tilibe pothawira.

Alipo amene anganene kuti ulemerero ndi wa Mulungu yekha, munthu asatamandidwe. Ndi zoona kuti wotembenuza mtima ndi Mzimu Woyera. Koma Malemba omwewo sabisa maina. Yohane adalemba kuti Andreya ndiye adatengera Petro kwa Yesu. Paulo, amene adati wokulitsa mbewu ndi Mulungu, ndi yemweyo adadzaza mutu 16 wa kalata ya kwa Aroma ndi maina a anthu wamba, amayi ambiri ali momwemo, ndipo adakumbutsa Timoteo za agogo ake Loisi ndi amayi ake Yunike. Kulemba dzina la wantchito sikulanda Mulungu kanthu.

Choyamba chimene tikupempha n'chosafuna ndalama. Mlembi atenge lula, ajambule danga limodzi lowonjezera m'kaundula wa akulu olowa kalasi, alembe pamwamba pake kuti "Womubweretsa." Ngati kaundulayo ndi wosindikizidwa ndipo malamulo a mpingo salola kuwonjezeramo, agule kope lachikuto cholimba, alembemo nambala ya munthu monga ilili m'kaundula, kuti mabuku awiriwo azilozerana.

Kafunsidwe kake ndi kamene kamavuta. Mukafunsa munthu pamaso pa abusa kuti "adakutembenuzani ndani?" adzayankha kuti "abusa," chifukwa ulemu wathu umatero. Mukafunsa pa tsiku la ubatizo, adzatchula mlaliki wa pa chitsitsimutso, poti ndiye amene akumukumbukira msanga. Funsani padera, mwezi woyamba atangolembetsa kalasi, ndipo funso likhale la zochitika zenizeni: tsiku loyamba kubwera kuno mudabwera ndi yani? Adayamba kukuyenderani kunyumba ndani? Mutaleka kubwera, adakulondolani ndani? Mayankho a mafunso atatuwa kawirikawiri amakhala anthu osiyana, choncho siyani malo a maina atatu. Lembani dzina lonse, mfunda ndi mudzi. "Amake Chikondi" kapena "aNaphiri" paokha sizikwanira, chifukwa pakatha zaka 30 palibe adzadziwe kuti adali Naphiri uti. Amayi okwatiwa muwalembe dzina lawo la kubadwa pamodzi ndi la amuna awo, apo ayi mbiri yawo imasowera m'dzina la bambo.

Ntchito yaikulu, imenenso ikufunika changu, ndi ya okalamba. Pa mpingo uliwonse pali agogo amene akudziwa yemwe adayambitsa nyumba ya mapemphero pansi pa mtengo, yemwe adadula mitengo ya denga loyamba, yemwe adapirira kunyozedwa ndi abale ake. Zimenezi zili m'mitu mwawo mokha. Seshoni kapena khonsolo ya tchalitchi isankhe anthu awiri, mwamuna ndi mkazi, mmodzi wofunsa wina wolemba. Mkazi akhalepo ndithu, chifukwa agogo aakazi samasuka kufotokozera mwamuna nkhani za chilangizo, za uchembere kapena za mavuto a m'banja amene adawakokera ku mpingo. Tumizani uthenga masiku awiri zisanachitike, mupite kunyumba kwawo m'malo mowaitanira ku ofesi, ndipo musapitirire ola limodzi. Munthu wa zaka 80 akatopa amayamba kuvomera chilichonse chimene mwanena. Ndi bwino kubwerera kawiri kapena katatu. Ana ndi adzukulu akhale chapatali, chifukwa amakonda kuyankhira agogo ndi kuwakonza.

Musafunse kuti "chidali chaka chanji?" Ambiri adzatchula chaka chongoganizira pofuna kukusangalatsani, inu n'kulemba bodza ndi mtima woyera. Funsani ndi zochitika zimene aliyense amazikumbukira, chaka muwerengere nokha. Kodi idali njala ya 1949 isanagwe kapena itadutsa? Nthawi ya chipolowe cha 1959 mudali mutabatizidwa? Ufulu wa 1964 udakupezani muli ndi ana angati? Chopereka munkaponya makobiri akale kapena matambala? Kwacha ndi tambala zidayamba mu 1971. Amuna anu adali ku Wenela pamene ndege idagwa ku Francistown mu 1974? Kwa a zaka zocheperapo pali kubwera kwa Papa Yohane Paulo Wachiwiri mu 1989, napolo wa ku Phalombe mu 1991, riferendamu ya 1993 ndi njala ya 2002. Mukapeza zochitika ziwiri, china kumbuyo china kutsogolo, lembani kuti "pakati pa 1964 ndi 1971." Kulemba motero n'kolondola kuposa kupeka chaka chimodzi. Pemphaninso kuona khadi la ubatizo, la ukwati kapena kalata yosamukira. Agogo ambiri amazisunga m'kati mwa Baibulo kapena pansi pa sutikesi, ndipo pamakhala deti ndi dzina la mbusa.

Nkhani iliyonse ikhale ndi mboni ziwiri zosakhala pa khomo limodzi. Kandimverere adakanena za m'maluwa, choncho pa mzere uliwonse wolemba asonyeze ngati wonenayo adaona yekha kapena adangomva. Mboni zikasiyana, lembani zonse ziwiri, aliyense ndi dzina lake, osasankha yokoma. Apa ndi pamene pamabuka mikangano ya mabanja, chifukwa banja lililonse limafuna kuti agogo awo ndiwo akhale oyambitsa mpingo, makamaka ngati nkhaniyo ikukhudza malo amene tchalitchi chidamangidwapo. Wolemba asasanduke woweruza. Ngati mujambula mawu pa foni, pemphani chilolezo kaye, ikani foni pa mpando pafupi ndi wolankhula, kutali ndi mphepo ndi nkhuku, ndipo yambani ndi kutchula tsiku, mudzi ndi dzina lawo. Mawuwo alembedwe m'kope sabata yomweyo. Foni imabedwa, imagwera m'madzi, memore khadi imafa osatsanzika.

Kasungidwe nakonso kawonongetsa mbiri yambiri. Lembani ndi bolopeni yakuda, chifukwa inki yamadzi imafalikira pepala likangonyowa. Musamate masamba ndi selotepi, imasanduka yachikasu n'kudya zilembo, ndipo mapini amachita dzimbiri. Musakulunge kope m'jumbo, chifukwa m'nyengo ya mvula jumbo imasunga chinyontho ndipo masamba amachita chuku. Gulani bokosi lachitsulo, mulikhazike pa tebulo kapena pa njerwa, lisagunde khoma. Chiswe chimakwera ndi khoma ndi pansi, ndipo chimayamba kudya kumsana kwa buku kumene simukuona. Tsiku lotsegula mumapeza chikuto chili bwinobwino koma m'kati muli dothi. Bokosilo litsegulidwe kawiri pa chaka, mabuku apitidwe mphepo pamthunzi, osati padzuwa. Tsamba lililonse lijambulidwe ndi foni masana pakhonde, foni italunjika pamwamba pa pepala, ndipo wojambula akuze chithunzicho aone ngati zilembo zikuwerengeka asanatembenuze tsamba. Potumiza pa WhatsApp sankhani kutumiza ngati document, chifukwa chithunzi chotumizidwa mwachizolowezi chimachepetsedwa, zilembo zazing'ono n'kufufutika. Zithunzizo zikhale malo atatu: kwa mlembi, ku ofesi ya parishi kapena ya presibitale, ndi pa imelo ya mpingo. Amene adaona zimene namondwe Freddy adachita ku Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre mu Malichi 2023 akudziwa kuti buku losungidwa malo amodzi likhoza kupita usiku umodzi. Mipingo yakale imene ikufuna kutsimikiza zaka ikhoza kukafufuza ku National Archives ku Zomba, kumene kuli zolemba zakale za mamishoni.

Tsopano za tsiku lowathokoza. Likhale kamodzi pa chaka, anthu atakolola, pakati pa Meyi ndi Julayi, pamene njira zauma ndipo okalamba angathe kufika. Lisaphatikizidwe ndi masika kapena pepa Sande, chifukwa ndalama zikangolowapo maso onse amapita pa mbale. Pasakhale mlendo wolemekezeka wa ndale kapena wa bizinesi. Olemekezeka a tsikulo ndi iwowo, akhale kutsogolo pa mipando. Chaka chimodzi musapitirire anthu asanu, kuyambira okalamba kwambiri. Wolankhula akhale munthu amene adakokedwayo, mphindi zitatu, anene zimene mnzakeyo adamuchitira. Wothokozedwayo musamukakamize kulankhula. Ambiri mwa anthu amenewa ngamanyazi, ndipo alipo amene adzakana kuimirira kutsogolo. Amenewo akulu a mpingo awiri kapena atatu apite kwawo mkati mwa sabata, akapemphere nawo, akawauze mawu omwewo pakhonde.

Chimene chimaononga mwambo wotere msanga ndi kuwerenga mitu. Mukangolengeza kuti uyu wakoka anthu 12, uyu atatu, mwayambitsa mpikisano. Chaka chamawa anthu adzayamba kulembetsa maina a Akhristu a mipingo ina, kapena kukankhira ku ubatizo anthu amene sadakhwime, miyezi isanu ndi umodzi osaonekanso. Apa ndi pamene tikubwerera kwa William Koyi: mukadawerenga obatizidwa a ku Njuyu pa tsiku la maliro ake, akadakhala wotsiriza pa mndandanda. Pali mayi amene wapempherera mwamuna wake yekha zaka 25, ndipo pali mnyamata wa kwaya amene wabwera ndi anzake khumi mwezi umodzi. Palibe sikelo yoyezera awiriwa. Choncho pasakhale woyamba kapena wachiwiri, ndipo mphatso ikhale yofanana kwa onse.

Choopsa china ndi kuulula zakale za wotembenukayo. Sikoyenera kuimiritsa bambo pamaso pa ana ake ndi apongozi ake n'kumalengeza kuti adali chidakwa kapena ankamenya mkazi. Ngati iye mwini afuna kunena, anene yekha. Munthu amene adachokera m'banja la Chisilamu kapena kudambwe ali ndi abale amene akukhala nawo mudzi umodzi, amakumana nawo pa maliro ndi pa chitsime. Mufunseni kaye ngati dzina lake litchulidwe, ndipo pa guwa pasamveke mawu onyoza kumene adachokera. Akakana, dzina likhale m'buku mokha.

Pali mafunso awiri amene alembi adzakumana nawo ndithu. Bwanji ngati womubweretsayo ndi wa mpingo wina, monga mayi wa Dorika amene adayendera wodwala, wodwalayo n'kukalowa CCAP ya pafupi ndi kwawo? Lembani dzina lake ndi mpingo wake, ndipo mlembi atumize kalata yothokoza. Bwanji ngati womubweretsayo pano adadulidwa mu mpingo? M'buku alembedwe, chifukwa buku limasunga zimene zidachitika. Za kumuimiritsa kutsogolo akulu a mpingo aone nthawi yake. Maina a oti athokozedwe achokere m'bukumo ndiponso ku milaga, miphakati, malimana, Mvano, Chigwirizano, Umanyano ndi magulu a achinyamata, osati kwa komiti ya anthu atatu, imene mosazindikira imakasankha alamu ake.

Mphatso ikhale yothandiza pa ntchitoyo: Baibulo la zilembo zikuluzikulu, buku la nyimbo, ambulera, nsapato zolimba, tochi. Satifiketi ya pakhoma siyoipa, koma simuteteza munthu ku mvula. Ambiri mwa anthuwa amaleka kuyendera anzawo chifukwa cha maso, osati chifukwa cha kuzirala kwa mtima. Sakuthanso kuwerenga vesi, ndiye akuchita manyazi. Ena amangofunika magalasi owerengera, ena ndi ng'ala, imene madokotala amachotsa ku zipatala za maso monga ku Nkhoma kapena ku Lions Sight First ku Queens. Mpingo ukalipira thiransipoti ya munthuyo ndi womuperekeza, mwamubwezera ntchito yake.

Za akatekisiti, alaliki ndi aphunzitsi a kalasi tinene mosapsatira. Mpingo wa Katolika udazindikira kale kuti wansembe mmodzi sangafike nthambi zonse. N'chifukwa chake Episkopi Patrick Kalilombe adalimbikitsa miphakati mu dayosizi ya Lilongwe m'zaka za m'ma 1970, ndipo mu 2021 Papa Francis adakhazikitsa ukatekisiti ngati utumiki wovomerezeka wa Akhristu wamba. M'mipingo ina zilinso chimodzimodzi: mbusa mmodzi, nyumba za mapemphero zambiri, ndipo amene amaika maliro Lachitatu ndi kuphunzitsa kalasi Loweruka ndi mkulu wa mpingo kapena mlaliki. Anthu amenewa timakonda kuwagulira njinga pa mwambo, kujambulitsa, basi n'kuiwala. Njinga yoyenda m'njira za miyala ndi minga sabata iliyonse imafuna matayala awiri, machubu atatu kapena anayi, tcheni, masipoko, mabuleki, girizi ndi zigamba chaka chilichonse. Zimenezi zikapanda kulowa mu bajeti ya mpingo, njingayo pofika chaka chachiwiri imakhala itapachikidwa kudenga, mwini wake wabwerera pa ulendo wa pansi, kapena akugulitsa chimanga cha ana ake kuti agule tayala. Msungichuma alembe nambala ya felemu m'buku la katundu, pakhale pepala losainirana lonena kuti njingayo ndi ya yani, wokonzetsa ndani, ndipo ngati iloledwa kunyamula matumba kapena kuchita kabaza. Popanda pepala limeneli, munthu akasamuka kapena akamwalira pamabuka mlandu pakati pa mpingo ndi ofedwa. Ife tikuona kuti amene watumikira zaka zisanu, njingayo ikhale yake. Ndipo akakalamba, mpingo umupatse gawo la chimanga cha masika, achinyamata akamufolerere nyumba mvula isanagwe.

Timadziwa kuwalemekeza anthuwa pa maliro. Amayi amavala yunifolomu, kwaya imachezera pa siwa, nkhata zimaunjikana, ndipo mbiri ya malemu imawerengedwa mothamanga kuchokera pa kapepala kolembedwa usiku womwewo ndi mdzukulu amene sakudziwa chaka chimene agogo ake adabatizidwa. Bulangete limene timafunditsa bokosi likadamufunda mwini wake mu Juni akadali moyo. Zengerezu adalinda kwawukwawu.

Kwa inu Akonzi, pempho lathu ndi kadanga kakang'ono kamodzi pa mwezi: mawu 200 ndi chithunzi cha Mkhristu wamba mmodzi, zotumizidwa ndi mlembi wa mpingo wake, mwini wake kapena banja lake atavomera, mipingo ndi zigawo zizisinthana. Mbiri zolembedwa bwino za amene adatisiya zikhoza kutumizidwanso ku Dictionary of African Christian Biography, imene imasonkhanitsa pa intaneti mbiri za Akhristu a mu Africa. Alembi asadikire msonkhano wa sinodi kapena kalata ya episkopi kuti agule kope. Alembe lero maina a Akhristu onse a zaka zoposa 80 pa mpingo wawo, ayambe ndi amene akudwaladwala, awayendere mvula isanatseke njira.

Ndife,
Alembi ndi aphunzitsi a kalasi opuma,
Ntcheu.